Kumene anajambula chiuno cha bambo anga: ndemanga pa chipinda cha X-ray ndi CT

Chipinda cha X-ray ndi CT (makina ojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane pogwiritsa ntchito X-ray) cha pachipatala pomwe bambo anga akhala akulandira thandizo ndikuchipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Makina ndi abwino, zithunzi zimatuluka zooneka bwino, ndipo ojambula awiri mwa atatu amene anagwira bambo ndi anthu oti ndingawasiyire kholo langa mtima uli m'malo. Yachisanuyo ndawamana chifukwa chisamaliro cha pamenepa chimadalira kwambiri amene mwamupeza pa ntchito tsikulo, komanso chifukwa ulemu umene wodwala amapatsidwa m'chipinda chojambulira sufika m'kolido momwe anthu amadikirira. Dzina la chipatalacho sinditchula, ngakhalenso la wogwira ntchito aliyense. Chimene ndikufuna n'chakuti inu amene mukuperekeza wodwala ku X-ray, kulikonse kumene muli, mudziwe zoyenera kuyang'ana.

Bambo ndi achikulire, ali ndi matenda a shuga, ndipo khutu lawo lakumanzere silimva. Anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la ntchafu yakumanja, kumtunda kwenikweni pafupi ndi pamene limalowa m'chiuno. Ine ndi amene ndakhala ndikuwaperekeza kuyambira tsiku lovulalalo mpaka pano pamene ayamba kuyenda ndi ndodo. Ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndiye za cheza cha X-ray ndinkazidziwa kale kuchokera m'mabuku. Koma za mmene munthu wothyoka fupa amagwiridwira kuti ajambulidwe osamuwonjezera ululu, ndazionera pachipatalapa.

Amene amakulandirani, kukugonekani ndi kudina batani ndi radiographer. Amene amawerenga zithunzizo n'kulemba lipoti ndi radiologist, yemwe ndi dokotala, ndipo nthawi zambiri simumuona n'komwe. Ndemanga yangayi ikukhudza ojambulawo, chifukwa ndi amene amakhala ndi wodwala wanu pa mphindi zimene ali ndi mantha, wavula, ndipo thupi likumupweteka.

Tsiku lovulala tinakumana ndi mayi wina wojambula, wolankhula mofatsa koma momveka. Asanagwire chilichonse anapaka sanitaiza m'manja, anawerama mpaka nkhope yake inalingana ndi ya bambo, natchula dzina lake ndi ntchito yake. Bambo anatembenuza mutu kuti amve. Mayiyo anaona zimenezo ndipo anafunsa kuti, "Bambo, khutu limene mumamvera bwino ndi liti?" Atamuuza, anazungulira bedi kukaima kumanja, ndipo sanalankhulenso ali kumanzere mpaka tinatuluka.

Kenako anati, "Mundiuze dzina lanu lonse, bambo. Nanga munabadwa liti?" Sanafunse kuti, "Ndinu a uje?" Munthu wosamva bwino, wosokonezeka ndi ululu, kapena wongofuna kulemekeza wachipatala, amavomera dzina lililonse limene mwamutchulira. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti wodwala azitsimikiziridwa ndi zinthu ziwiri kapena kuposerapo, monga dzina ndi tsiku lobadwa, osati nambala ya bedi kapena ya chipinda. Mayankho a bambo anawayerekeza ndi kachibangili ka pamkono komanso fomu ya dokotala. Fomuyo inali italembedwa kuti kumanja, komabe anawapempha kuti aloze okha pamene pakupweteka. Anafunsanso ngati anali atalandira mankhwala ochepetsa ululu, ndi nthawi imene anawalandira.

Mwendo wa bambo unkaoneka waufupi poyerekeza ndi unzake, phazi litagwera kunja. Umu ndi mmene mwendo umagonera kawirikawiri fupa likathyoka pamalo amenewa. Pojambula chiuno cha munthu wosavulala, ojambula amatembenuzira mapazi mkati pang'ono kuti khosi la fupa la ntchafu lioneke bwino. Mayiyu sanayerekeze n'komwe kuliwongola phazilo. Anati, "Mwendo uwu sindiugwira, bambo. Ndisuntha makina, osati inu." Ndipo anachitadi zimenezo. Sanawasamutsire pa tebulo lolimba lija. Analowetsa chitabwa cholandirira chithunzi m'kabati ka pansi pa bedi la matayala lomwe anabwera nalo, najambula mafupa onse a m'chiuno kuchokera pamwamba.

Chithunzi cha cham'mbali ndi chimene chinandionetsa luso lake. Njira yosavuta ndi kupinda bondo la mwendo womwe ukujambulidwawo n'kuligwetsera kunja, koma kwa munthu wothyoka zimenezo n'zopweteka kwambiri ndipo zikhoza kusuntha mafupa othyokawo. Iye anaitana namwino, nakweza mwendo wabwinowo pang'onopang'ono, ataugwira ngati wanyamula khanda, n'kuusanjika pa kachitsulo kokhala ndi katsamiro. Anatsitsa mutu wa makinawo mpaka unalingana ndi bedi, n'kuuloza chopingasa kuti cheza chidutse pansi pa mwendo wokwezedwawo, chitabwa chija atachiimika m'mbali mwa chiuno chovulalacho. Nthawi yonseyi ankanena chimene akufuna kuchita asanachichite: "Ndikugwirani bondo lamanzere tsopano. Dzanja langa likuzizira pang'ono." Nsalu yofunda sinachoke pa bambo kupatula pamalo okhawo amene ankafunika.

Panali tinthu tiwiri tating'ono timene ambiri sangatione. Koyamba ndi kachilembo ka mtovu ka R, kotanthauza kumanja, komwe anakaika pachitabwa asanajambule. Chilembo chimenechi chimajambulika pamodzi ndi fupa, ndipo chimakhala umboni wosafafanizika wa mbali imene yajambulidwa. Makina a masiku ano amalola kuchiwonjezera pa kompyuta pambuyo pake, koma pamenepo ndi pamene munthu wotopa angalembe kumanzere pa chithunzi cha kumanja. Kachiwiri ndi kuwala kwa makona anayi kumene kumagwera pathupi la wodwala. Kuwalako si X-ray, kumangosonyeza malo amene cheza chigwere. Mayiyu anakuchepetsa mpaka kunangokwanira pamalo ofunikawo. Kutero kumachepetsa cheza cholowa m'thupi, ndipo chithunzi chimatuluka chooneka bwino chifukwa cheza chomwazika chimachepa.

Popeza opaleshoni inali kuyembekezeka, dokotala anapemphanso chithunzi cha pachifuwa. Munthu woti angathe kuima amajambulidwa ataimirira, chifuwa atachigunditsa pachitabwa, makina ali kumbuyo kwake pa mtunda wa masentimita pafupifupi 180. Bambo sakanatha kuima, choncho anangowadzutsa pang'ono pabedipo n'kuwajambula kuchokera kutsogolo, ndipo analemba pa chithunzipo kuti chajambulidwa motero, chifukwa mtima umaoneka waukulu kuposa mmene ulili ukajambulidwa kuchokera kutsogolo. Vuto linali kupuma. Wodwala amayenera kukoka mpweya wambiri n'kuugwira, koma wojambula amakhala kuseri kwa galasi ndipo bambo sakanamumva. Anagwirizana nawo chizindikiro: akakweza dzanja, akoke mpweya n'kuugwira, akalitsitsa, apume. Anayeserera nawo kaye ali pafupi. Chithunzi chinatheka ulendo woyamba womwewo.

Ine anandilola kuima naye kuseri kwa galasilo chifukwa bambo sankafuna kuti ndituluke. Chithunzi cha chiuno chitatulukira pa kompyuta, ndinaona ndekha kuti fupa silili bwino, ndipo ndinamufunsa. Anayankha kuti, "Mayi, amene akufotokozereni bwino ndi dokotala, pamodzi ndi zoyenera kuchita. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti bambo asayese kuimirira, ndipo ndikumuimbira dokotalayo pompano kuti aone zithunzizi msanga." Anaimbadi foniyo ife tisanatuluke. Anthu ena amakwiya wojambula akakana kunena zimene waona, amati akubisa. Ine sindinaone choncho. Sanadutse malire a ntchito yake, koma sanatisiyenso kuti tikakhale pamzere ngati palibe chachitika. M'mayiko ena, monga ku United Kingdom, kuli ojambula amene amaphunzira mowonjezera n'kumalemba okha malipoti. Kumene kulibe dongosolo lotero, zimene anachita mayiyu ndi zoyenera.

Mchimwene wanga atamva mmene zinayendera anadandaula kuti bambo sanawaphimbe ndi epuloni ya mtovu, akuti kumeneko n'kusasamala. Ndikudziwa kuti ambiri amaganiza chimodzimodzi, ndiye ndifotokozepo. Kwa zaka zambiri odwala ankaphimbidwadi ziwalo zoberekera pojambulidwa. Koma mu 2019 bungwe la American Association of Physicists in Medicine linalangiza kuti chizolowezi chimenechi chileke, ndipo mu 2020 British Institute of Radiology inanenanso zofanana. Zifukwa zake n'zomveka. Chophimbacho chikhoza kubisa malo omwe dokotala akufuna kuona, chithunzi n'kubwerezedwa. Chikhozanso kusokoneza kachipangizo kamene kamayeza cheza pa makina ambiri, makinawo n'kutulutsa cheza chochuluka. Ndipo cheza chambiri chimene chimafika pa ziwalo zomwe sizikujambulidwa chimamwazikira mkati mwa thupi momwemo, kumene chophimba cha pakhungu sichingatchinge. Zipatala ndi mayiko sizinasinthire pamodzi, choncho kwina mudzaphimbidwabe. Koma pojambula chiuno chothyoka, kuika mtovu pamenepo kukanangobisa fupa lomwe tinabwerera. Amene ayenera kuvala epuloni mosakayika ndi woperekeza yemwe wapemphedwa kugwira wodwala, makamaka mwana, pa nthawi yojambula.

Mantha a cheza ndi oyenera kuwamvetsa, osati kuwaseka. Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray pa 8 Novembala 1895 ku Würzburg m'dziko la Germany, ndipo zaka zoyambirira anthu ankaigwiritsa ntchito opanda chitetezo chilichonse. Clarence Dally, amene ankathandiza Thomas Edison, anadulidwa manja onse awiri ndipo anamwalira ndi khansa mu 1904. Ku Hamburg kuli chipilala chomwe chinaimikidwa mu 1936 chokumbukira madokotala, anamwino ndi amisiri amene anafa chifukwa cha ntchitoyi. Malamulo amene ojambula amatsata lero anachokera m'mavuto amenewo. Bungwe la International Commission on Radiological Protection limati kujambula kulikonse kukhale ndi chifukwa chomveka, phindu lake lipose chiopsezo, ndipo cheza chikhale chochepa momwe zingathekere koma chokwanira kutulutsa chithunzi chothandiza.

Manambala ake amathandiza kukhazika mtima pansi. Cheza chimene thupi lalandira chimayezedwa mu millisievert, mwachidule mSv. Munthu aliyense padziko lapansi amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumlengalenga, ngakhale asanapondeko kuchipatala. X-ray ya pachifuwa ndi pafupifupi 0.1 mSv kapena kucheperapo. CT ya pachifuwa ndi pafupifupi 6 kapena 7 mSv, kutanthauza cheza cha chilengedwe cha zaka ziwiri kapena zitatu, n'chifukwa chake CT siyenera kupemphedwa mwachisawawa. Ogwira ntchito malire awo ndi 20 mSv pachaka, powerengera zaka zisanu pamodzi, ndipo kabaji kamene amavala pa yunifolomu n'koyezera zimenezo. Ojambula onse atatu amene tinakumana nawo anali atavala kabajiko. Akathawira kuseri kwa galasi si kuti akukusiyani pangozi. Inu mujambulidwa kamodzi, iwo amajambula anthu tsiku lonse, chaka chonse.

Patapita masiku angapo opaleshoni itachitika, bambo anayamba kubanika. Madokotala anakayikira kuti mwina magazi aundana m'mitsempha ya m'mapapo, zomwe zimachitika kwa anthu ogona nthawi yaitali atachitidwa opaleshoni ya chiuno, ndipo anapempha CT yokhala ndi mankhwala obaya m'mitsempha. Mankhwalawa ali ndi ayodini, ndipo ndi amene amachititsa mitsempha kuonekera pachithunzi. Amene anatilandira ulendo uno anali mnyamata, wachangu, woti poyamba ndinamuona ngati wopupuluma. Koma mafunso ake sanadumphe ngakhale limodzi. Kodi bambo anabayidwapo mankhwala amenewa, ndipo thupi linawalandira bwanji? Kodi ali ndi mphumu? Kodi pali mankhwala amene amawawenga? Atamva za shuga anafunsa mwachindunji ngati amamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin, kenako anatsegula kompyuta kuona zotsatira za magazi zosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito.

Chifukwa chake n'chakuti mankhwala a ayodiniwa amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Impso zikakhala zofooka kwambiri, makamaka nambala yosonyeza mmene zikugwirira ntchito, yotchedwa eGFR, ikatsika pansi pa 30, madokotala amayamba aganiza kawiri, ndipo metformin amatha kuimitsidwa kwa maola 48 kuti isaunjikane m'magazi. Za bambo zinali bwino, ndipo mnyamatayo anauza namwino wa kuwodi zimene wapeza, osangoziona yekha n'kukhala chete. Kanyula ya pamkono anaiyesa kaye ndi madzi a mchere a m'sirinji, diso lili pakhungu kuona ngati sipakutupa, chifukwa makina amapopa mankhwalawo mwamphamvu ndipo akaphonya mtsempha amalowa m'minofu.

Chimene sindidzaiwala ndi chenjezo lake. Anawerama kukhutu lakumanja, nalankhula motsitsa mawu kuti ena asamve: "Agogo, mankhwala akalowa mumva kutentha thupi lonse, mkamwa mumva ngati chitsulo, ndipo mumva ngati mwadzikodzera. Simunadzikodzere ayi. Aliyense amamva choncho, ndipo zimatha msanga." Bambo ndi munthu wodzisunga, wamanyazi pa zinthu zotere. Akanapanda kuuzidwa, ndikudziwa akanadzidzimuka m'makinamo, akanasuntha, chithunzi n'kuwonongeka, ndipo akanatuluka ali ndi manyazi pa chinthu chimene sichinachitike. Atatuluka anangoti, "Mwana uja ananena zoona." Mnyamatayo sanawabweze kuwodi nthawi yomweyo. Anawasunga pafupi kwa kanthawi, akumabwera kudzaona khungu ndi kufunsa za kapumidwe, chifukwa thupi likakana mankhwalawa, zizindikiro zoopsa zimaoneka kawirikawiri pa mphindi zoyambirira. Kabati ya mankhwala a ngozi inali pakona, poonekera, yosatchingidwa ndi chilichonse. Magazi oundana sanapezeke. Chinali chibayo, ndipo chinachizidwa.

Mnyamata yemweyu ndi amenenso anatiuza kuti popeza bambo tsopano ali ndi chitsulo m'chiuno, tizinena nthawi iliyonse akafuna kuwaunika ndi MRI. Makina amenewo sagwiritsa ntchito X-ray koma maginito amphamvu kwambiri amene sazimitsidwa ngakhale usiku. Zitsulo zambiri zoikidwa m'thupi masiku ano zimalola kuunikidwa potsata malangizo ake, koma wojambula ayenera kudziwa chimene chili m'thupimo asanakulowetseni. Mu 2001, m'chigawo cha New York ku America, mnyamata wa zaka 6 anamwalira silinda ya okosijeni itakokedwa ndi maginitowo n'kumumenya m'mutu. Mafunso ambirimbiri a pakhomo la MRI musatope nawo.

Tsopano zimene sizinandisangalatse.

Bambo atatuluka m'chipatala tinabwereranso kukajambulitsa kuti aone mmene chitsulo chakhalira. Tinapeza wojambula wachitatu. Anaima pakhomo, foni ili m'manja, n'kufuula dzina la makolo lokha. Anthu awiri anadzuka, bambo ndi mwamuna wina. Iye anangokodola amene anali pafupi, omwe anali bambo. Sanafunse dzina loyamba, sanafunse tsiku lobadwa. Ndinachita kumupempha ndekha kuti aone fomu. Inalidi ya bambo, koma zinangochitika mwamwayi. Kujambula munthu wolakwika si kulakwitsa kwa pepala chabe. Wina amalandira cheza popanda chifukwa, ndipo chithunzi chake chimakalowa mu fayilo ya mnzake, dokotala n'kupereka thandizo poona fupa la munthu wina.

M'chipindamo sanalankhule ndi bambo ngakhale kamodzi. Zonse ankauza ine: "Auzeni akwere. Auzeni atsitse thalauza." Bambo ali pomwepo, akumva ndi khutu limodzi, nzeru zawo zonse zili bwino. Tebulo lija limatsika, ndinaliona likutsika pomwepa pojambula anthu ena, koma iye sanalitsitse mpaka nditanena. Munthu wa chitsulo chatsopano m'chiuno, woyendera ndodo, akanagwa pamenepo. Chitseko chinali chosatsekedwa bwino pamene bambo ankamasula lamba, ndipo gauni sanapatsidwe. Ndinakatseka ndine. Sindinamuone akusamba m'manja kapena kupaka sanitaiza, ndipo tebulo silinapukutidwe munthu wa patsogolo pathu atachokapo. Malangizo a World Health Organization a mu 2009 amati manja ayeretsedwe musanagwire wodwala ndiponso mukamaliza, ndipo ndi sanitaiza zimatenga masekondi 20 mpaka 30 okha. Botolo linali pakhoma, lodzaza.

Chithunzi choyamba chinabwerezedwa chifukwa makiyi anali m'thumba la bambo ndipo anagwera pamwamba penipeni pa chiuno. Funso limodzi asanajambule likanapewetsa zimenezo. Cheza cha chithunzi chimodzi chowonjezera n'chochepa kwa munthu wa msinkhu wa bambo, sindikufuna kukokomeza. Koma ndinaganiza za ana amene amadutsa m'manja omwewo, popeza thupi la mwana limakhudzidwa ndi cheza kuposa la wamkulu ndipo ali ndi zaka zambiri kutsogolo. Kachilembo ka R sikanaikidwe. Anakawonjezera pa kompyuta.

Ndikudziwa kuti tsikulo anthu anali ambiri ndipo iye ankaoneka kuti ali yekha. Zimenezo ndi zoti akuluakulu a chipatala aziganizire, chifukwa munthu mmodzi sangathamange ndi mzere wonse osaphonya kanthu. Koma mayi uja tsiku lovulala nayenso anali ndi mabedi angapo akudikira panja. Kufunsa tsiku lobadwa, kutseka chitseko, ndi kuyang'ana munthu kumaso pomulankhula sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Vuto la m'kolido si la munthu mmodzi, ndi la kakonzedwe ka malo. Odwala ochokera kuwodi amaimikidwa pa mabedi awo m'mbali mwa khoma, pamaso pa anthu ochokera kunja amene akhala pa mabenchi. Ndinaona agogo ena aakazi atagona pamenepo, gauni itatseguka kumsana, nsalu itagwera pansi, anthu akudutsa. Ndinawafunditsa ndine, ndipo ananong'ona kuti akumva kuzizira kuyambira kale. Palibe katani, palibe belu loitanira munthu, ndipo palibe wogwira ntchito amene ntchito yake ndi kuyang'anira odikirawo.

Pa benchi yomweyo ndinamva mtsikana akufunsidwa mokweza, pamaso pa amuna ndi mayi amene anamuperekeza, kuti anasamba liti komaliza ndiponso ngati sangakhale ndi pakati. Funsolo n'lofunika ndithu. Mkazi aliyense wa msinkhu wobereka ayenera kufunsidwa asanajambulidwe pamimba kapena m'chiuno, chifukwa mwana wosabadwa amakhudzidwa ndi cheza mosavuta. Koma likafunsidwa pagulu, yankho lake silingadaliridwe. Mtsikana amene akukayika sanganene zoona mayi ake ali pambali ndi alendo akumvetsera. Anayankha kuti ayi, maso ali pansi. Funso limenelo malo ake ndi m'chipinda, chitseko chitatsekedwa, woperekeza atapemphedwa mwaulemu kuti adikire panja. Mayi uja wa tsiku loyamba, pondilola kukhala m'chipinda, anandifunsa funso lomweli chapansipansi moti ngakhale namwino amene anali pomwepo sanamve. Ndiye kuti njira yabwino ikudziwika m'chipindachi. Chikusowa ndi kuti aliyense azitsata.

Zonsezi ndinazilemba m'kalata yopita kwa mkulu wa chipindacho, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo ndinapempha kuti mayi uja ndi mnyamata wa CT auzidwe kuti tinayamikira. Mkuluyo anandiimbira foni. Sanadziikire kumbuyo, anafunsa tsiku ndi nthawi, ndipo anapepesa kwa bambo mwachindunji, osati kwa ine ndekha. Ulendo wotsatira ndinapeza pakhomo pamatidwa pepala louza odwala kuti adzafunsidwa dzina ndi tsiku lobadwa nthawi zonse, ndipo tinafunsidwadi. Izi zandithandiza kusatsitsa nyenyezi kufika pa zitatu. M'kolido muli chimodzimodzi.

Kwa amene mukupita ndi wodwala, tengani mndandanda wa mankhwala amene amamwa, zithunzi zakale ngati zilipo, ndi zotsatira za magazi zaposachedwa ngati akukabayidwa mankhwala a CT. Muvekeni zovala zopanda zipi ndi mabatani achitsulo pamalo ojambulidwawo, ndipo mukhuthule m'matumba musanalowe. Ngati samva bwino, saona bwino, kapena amaiwalaiwala, nenani pakhomo pomwe. Mukaona kuti dzina silinafunsidwe, litchuleni nokha pamodzi ndi tsiku lobadwa. Muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene chithunzicho chikufunikira, makamaka ngati chofanana nacho chinajambulidwa posachedwa kwina, ndipo wojambula wabwino sakwiya nalo funso limenelo.

Chotsala chimene chikundivutabe ndi malipoti a odwala ochokera kunja. Wodwala wa kuwodi zotsatira zake zimafika msanga, za CT ya bambo dokotala anali nazo tsiku lomwelo. Koma ukabwera kuchokera kunyumba, ukamaliza kujambulidwa amangoti "mwatha, bambo", osakuuza kuti lipoti lituluka liti, lipita kwa ndani, ndiponso uimbire kuti likachedwa. Tsiku lokaonana ndi dokotala wa mafupa tinapeza zithunzi zilipo pa kompyuta koma lipoti la radiologist lisanalembedwe. Dokotalayo anaziwerenga yekha, nati chitsulo chakhala bwino, ndipo tinakhutira. Koma kwa munthu amene wajambulidwa pachifuwa chifukwa cha chifuwa chosatha, kapena amene akuyembekeza kumva za chotupa, kusadziwa kumene yankho lake lili n'kozunza, ndipo lipoti lofunika likhoza kukhala osawerengedwa ndi aliyense. Ndinapempha m'kalata muja kuti wodwala aliyense azipatsidwa kapepala kosonyeza tsiku loyembekezera lipoti ndi nambala ya foni yofunsirapo. Mkuluyo anati akambirana ndi anzake. Bambo ali ndi tsiku lina lokajambulidwa miyezi ikubwerayi, ndipo ndikafunsanso za kapepalako ndi za katani wa m'kolido.